Kapinga Amene Tinasamutsa

Amuna anga ankakonda kapinga mopitirira muyeso, ndipo ndinkawauza pamaso pawo, sindinkanenera kuseri ayi. Munthu wamkulu, wa tayi, wogwira ntchito ku Capital Hill, akatsika basi ya kuntchito madzulo, m'malo molowa m'nyumba kudzafunsa kuti mwaswera bwanji, ankayamba wagwada pabwalo, jekete ili m'khwapa, n'kumazula timaudzu tachilendo toti ine maso anga sankationa n'komwe. Ndikati, "Bambo, mawondo a thalauzawo achapa ndani?" iwo ankangoti, "Mayi, taonani, chiswe chayambanso uku." Ukwati wathu unali umenewo. Ine ndikunena za thalauza, iwo akuyankha za chiswe.

Nyumba yathu ili ku Area 3, imodzi mwa nyumba zakale zija za mabwalo aakulu ndi mitengo yoti sitinabzale ndife. Titalowamo, kutsogolo kunali dothi lofiira lokhalokha, louma gwa. Iwo kwawo kunali kumpoto, kumapiri, ndipo ankati maso awo anazolowera zobiriwira, fumbi la Lilongwe limawadwalitsa mtima. Ine wa konkuno ndinkati pabwalo pabwino m'posesa, poti njoka uione isanakuone. Anapambana ndi iwo. Anakapempha timizu ta kapinga kwa mnzawo wina wa ku Area 11, anabwera nato m'jumbo, n'kumabzala kamodzikamodzi mpaka msana kupindika. Chilimwe chilichonse ankaitanitsa zinyalala za fodya kuchokera ku Kanengo n'kumwaza pabwalo ponse kuti ndi manyowa. Fungo lake, mayo ine! Tinkadya, kugona ndi kupemphera m'fungo la fodya, ife anthu a mpingo oti ndudu sitiyandikira. Madzi akasiya m'mipopi, a m'diramu ankagawidwa pawiri, ndipo musandifunse kuti gawo lalikulu linkapita kuti.

Lamulo pakhomo pathu linali loti pakapinga sapondapo. Mwana wathu, mtsikana mmodzi yekhayo amene Mulungu anatipatsa, anakula akuyenda m'mphepete. Alendo ankalozeredwa kanjira ka njerwa. Ngakhale abusa tsiku lina anabwezedwa mwaulemu, mwendo uli kale m'malere.

China chimene ankakonda chinali mpira. Anali ndi mnzawo wa ku Old Town, bambo wachisilamu wowotcherera zitsulo, amene anabwera kudzatipangira geti tili achinyamata n'kusanduka ngati m'bale. Ine ndinkawatchula kuti alamu. Awiriwa ankasapota matimu odana, ankapemphera masiku osiyana, koma Loweruka masana ankakhala pakhonde pathu ndi tiyi n'kumakangana ngati ana. Pa nkhani imodzi yokha m'pamene ankagwirizana, yoti mabwalo a mpira kuno timawapha tokha. Bwalo lomwelo lero msonkhano wa chitsitsimutso, mawa oimba, mkuja andale. Akhomapo nsanja, ayalapo mipando, anthu avinapo mpaka udzu kusanduka fumbi, kenako anyamata akasewerepo mpira, ife tiziti sadziwa kupatsirana. Amuna anga nkhani imeneyi inkawapweteka ngati bwalolo ndi lawo.

Loweruka lina mwana wathu, n'kuti atayamba ntchito ku City Centre, anabwera ndi foni m'manja akuseka. "Adadi, taonani izi, apangira inu." Munali kanema wa bwalo la mpira la kunja, lalikulu, la denga. Kapinga yense, ndi mizere yake yoyera yomwe, ankayenda kutuluka m'bwalomo. Ine ndinati n'zabodza za pafoni zimenezo. Iwo anavala magalasi, anaonera, anabwereza, anabwerezanso, tiyi mpaka kuzizira. Sabata imeneyo anavutitsa mwana kuti awapezere zina zoti awerenge, ndipo Loweruka lotsatira analanda thireyi yanga ya tiyi, kutsitsa makapu pansi, kuti atiphunzitse.

"Mayi, yerekezani kuti iyi ndi thireyi yachitsulo, yaikulu ngati bwalo lonse. M'kati muno muli dothi ndi mchenga, pansi pake mapaipi, ena ochotsa madzi, ena othirira. Kapinga amamera m'menemu, nthaka yeniyeni saikhudza. Kunsi kuno kuli mawilo ambirimbiri okhala panjanji ngati sitima, ndi timainjini ta magetsi tokankha."

"Nanga ayenderanji?" ndinafunsa. "Kapinga ali ndi ulendo?"

"Denga, mayi, denga. Dzuwa sililowa mokwanira, mphepo siwomba, udzu ungafe. Ndiye mpira ukatha amatsegula mbali imodzi, kunsi kwa mipando, thireyi n'kutuluka pang'onopang'ono, moti nkhalamba ya ndodo ingaipitirire." Anakankha thireyi yanga patebulo mpaka inafika pomwe panali kadzuwa. "Apa yakhala, ikuothera. M'kati mwatsala simenti. Abwere oimba, abwere olalikira, avine mmene angathere, kapinga ali phee panja. Akamaliza, asesa, thireyi ibwerera."

Alamu, poti ndi munthu wa zitsulo, ankangopukusa mutu poganiza kulemera kwake, dothi lonyowa lonselo pamwamba pa mawilo. Amuna anga anati zimenezo n'zochepa. Kwina kulibe malo panja, ndiye amadula bwalo m'zigawo zazitali, chilichonse ndi thireyi yakeyake, n'kuzitsitsira m'dzenje pambali, kuzisanjikiza ngati mashelefu. Kunsiko kuli nyali zolowa m'malo mwa dzuwa ndi zopemerera mphepo, ndipo amathirira ndi kutchetcha komweko. Akazikwezanso n'kuzilumikiza, wosewera sadziwa kuti msoko uli pati.

"Ndiye kuti kunjako kuli amisala anzanu," ndinatero. "Bwezani thireyi yanga."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ndimakumbukira kuseka kumeneko chifukwa sikunachulukenso pambuyo pake.

Matenda anayamba atangopuma pantchito. Poyamba kunali kukana chakudya, kenako ndinawapeza akuboola lamba ndi msomali chifukwa mabowo onse anali atatha. Chipatala kupita, kubwera, kupitanso, mpaka anawagoneka. Tsiku lina dokotala anandiitanira pambali, pakhonde la wodi, n'kundiuza motsitsa mawu kuti ndi khansa, yafalikira, chimene angachite n'kuchepetsa ululu basi. "Mayi, kawasamalireni kunyumba." Ndinangoima kakasi, fulasiki ya phala ili m'manja, anthu akundilambalala uku ndi uku.

Kwathu kuno wodwala sauzidwa zotere. Achemwali awo aakulu, amene anakwera basi kuchokera kumpoto atangomva kuti mlongo wawo wagonekedwa, anandigwira mkono tili pakhomo la chipatala. "Mulamu, pakamwa. Munthu ukamuuza, wamupha ndiwe." Mwana wathu nayenso anati adadi asamve. Ndinavomera. Ine wapakamwa ngati ine, woti kanthu sindisunga kukhosi, ndinameza. Tinawauza kuti ndi zilonda za m'mimba, achira akamadya bwino.

Koma chimene mtima wanga unkafuna, ndipo ndikuchinena poyera, chinali choti tikhale pansi awiri, ndiwauze, andiuze, tilire, titsanzikane ngati anthu amene akalamba pamodzi. M'mawa uliwonse ndinkadzuka nditatsimikiza kuti lero lokha ndinena, achemwali anene zonena zawo. Ndikafika pakhonde pomwe tinkawakhazika, n'kuona manja aja atatsala mafupa okhaokha, chotuluka pakamwa panga chinali choti, "Lero nkhope yawala, bambo." Iwo ankati, "Yawala eti?" n'kutembenukira kwa kapinga wawo.

Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kwa Lilongwe koti phula limasungunuka pamsewu, koma iwo ankafunda bulangeti m'mawondo. Tsiku lina achemwali ali kubafa, anandikodola.

"Mayi, kapingayu timuchotse apa."

Ndinaganiza kuti mankhwala a ululu aja awasokoneza mutu. "Mwati chiyani?"

"Timusamutse. Apite kuseri. Apa patsale dothi."

"Chifukwa?"

"Kubwera anthu. Amupondaponda."

"Anthu ake ati?"

"Anthu basi. Ambiri. Adzafuna pokhoma tenti."

Tenti pakhomo imakhomedwa pa zinthu ziwiri, ukwati kapena maliro, ndipo mwana wathu analibe ngakhale wongomuyang'ana. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife tinkanong'onezana kukhitchini ngati ochenjera, mwini wake thupi akudziwa zonse. Anandiyang'ana, akudikira. Pamenepo m'pamene panali ponenera, ndipo ndinapaona bwinobwino. Koma mantha anandigwira, ndipo ine mantha akandigwira ndimakalipa.

"Asa! Zoyankhula zanji zimenezo? Makanema aja mwaonera mpaka mutu wazungulira? Imwani phala apa."

"Anzathu amasuntha bwalo lonse la mpira," anatero akumwetulira pang'ono. "Ife tingalephere kabwalo aka?"

Ndinakana. Sanakangane nane, mphamvu zokanganira zinali zitatha. Kungoti m'mawa uliwonse ndikamawapukuta kumaso ankafunsa, "Za kapinga zija mwaganiza bwanji?" Ine n'kumati sindinaganize kanthu, tukulani mkono. Zinapitirira choncho mpaka tsiku lina masana, ndikuchokera kukatenga mankhwala m'tauni, achemwali atagona tulo ta kutentha, ndinatsegula geti n'kupeza mpando wa pakhonde uli wokha. Amuna anga anali pakati pa kapinga, atavala zogonera, atagwada, khasu lili pambali. Anali atatema kamodzi kokha, kachigamba kosakwana chikhatho, n'kulephera kudzuka. Sindidziwa kuti anakhalapo nthawi yaitali bwanji padzuwa limenelo. Ndinawanyamula ndekha, ndipo kupepuka kwawo kunandiliza kuposa mawu a dokotala.

Nditawagoneka ndinaimbira alamu a ku Old Town. Sindinafotokoze zambiri. Anangoti, "Ndamva, mlamu."

Anabwera m'mawa mwake ndi kapikapu kobwereka, abambo awiri a ganyu, mafosholo onola ngati mipeni ndi mulu wa malata akale. Achemwali n'kuti atapita ku mapemphero a amayi, ndipo sindinama, ndinasankha dala tsikulo. Kuseri kwathu n'kwa miyala ndi simenti ya pochapira, pobzala palibe, ndiye malata aja ndi amene anakhala mathireyi athu. Ankakoka chingwe, kudula kapinga m'zigamba, kulowetsa fosholo kunsi kwa mizu, kutukula chigamba ndi dothi lake n'kuchikhazika pa lata. Lata likadzaza, awiri ankalinyamula uku ndi uku ngati machira n'kukaliyala kuseri. Ine ndinkayang'ana kumbali akamadutsa.

Chodabwitsa n'choti tsiku limenelo mawu anawabwerera amuna anga. Ali pakhondepo ankalamula ngati kapitawo. "Zamitsa fosholo, iwe! Mizu, mizu! Osapendeketsa, dothi ligwa!" Alamu, mkanjo atapinda m'chiuno, anawayankha kuti mainjini akewa ndi oyendera chinangwa, asawathamangitse. Anaseka awiriwo. Ine ndinawiritsa tiyi n'kuika shuga kawiri osadziwa. Pofika masana dothi lofiira lija linali litabwerera, lonyowa, la timizu toyera todukaduka, kuyambira pakhonde mpaka kugeti.

Achemwali atalowa pageti anaponya chikwama pansi.

"Mulamu! Malodza anji awa? Mukukonza pa tenti mlongo wanga akupuma?"

"Afunseni eni ake, ali apowo."

"Ndine ndalamula," amuna anga anatero, koma mawu aja anali atathanso, anangomveka ngati kunong'ona.

"Wodwala amalamula? Inu amoyo n'kumvera? Mwatopa naye, nenani. Mukanatiuza tikanamutenga, akafere m'manja mwa abale ake."

Taonani, mawu oti akafere anawatchula ndi iwo, pamaso pa mwini wake, munthu amene anandigwira mkono kuti pakamwa. Ndinafuna kuwakumbutsa. Ndinawayankha zina zimene sindingalembe pano, poti ena owerenga ndi a mpingo wathu. A ganyu aja anatola mafosholo mwakachetechete. Dzuwa lisanalowe foni inali itafika kumpoto, ndipo nkhani inali yoti mkazi wa ku Lilongwe uja akufulumizitsa mwamuna, wasesa kale pa maliro, akufuna nyumba. Ku Area 3 timakhala m'mipanda, wina sadziwa dzina la mnzake, koma nkhani yotere imalumpha mpanda. Lamlungu kutchalitchi amayi ena anandipatsa moni ndi nsonga za zala. Zimenezo sizinandipweteke kwenikweni, ndipo mpaka lero sindinapepese kwa munthu.

Masiku amene anatsala tinathera pa kapinga. Ndinkathirira m'mawa ndi madzulo, chifukwa dothi la pa lata n'lochepa, silisunga madzi. Ndikamaliza ndinkapita kukapereka lipoti kuchipinda, poti pakhonde anali atasiya kufika.

"Ali bwanji?"

"Akubiriwira."

"Za m'mphepete zimauma msanga."

"Ndathirira."

"Osachulutsa, mizu ingaole."

"Ndamva, bambo."

Tinkanena zimenezi titagwirana manja. Munthu wongomvera pakhomo akanati tikukambirana za mwana wodwala. Ine mumtima ndinkakuwa, koma pakamwa pankatuluka za madzi ndi mizu. Tsiku lina anapempha kuti titsegule katani. Anayang'ana dothi lija nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Mayi, paoneka bwanji?"

"Ponyansa."

"Eya. Koma muzolowera."

Anadikiranso. Ndinaona m'maso mwawo kuti akudikira. Ndinakonza pilo, ndinakonza bulangeti, ndipo ndinati, "Mukachira mudzamubwezera nokha, ine msana wanga sungathe."

Anatsinzina. "Yewo, mayi," anatero. Chitumbuka ankandiyankhulira pokhapokha atatopa kwambiri.

Anatisiya m'mawa wina dzuwa litatuluka kale, ine ndili kuseri ndi ndowa. Anandiitana ndi mwana. Pofika masana tenti inali itakhomedwa, ndipo inakwana padothi paja ndendende. Anthu anabweradi ambiri, a ku Capital Hill, a mpingo, a kumpoto okhala m'tauni muno, ndi alamu a ku Old Town ndi anzawo a zisoti zoyera atakhala mbali imodzi. Zonsezi ndinachita kumva. Namfedwa satuluka. Amakukhazika pamphasa m'nyumba, amayi atakuzinga, nyimbo ikatha ina n'kuyamba, ngakhale kuchimbudzi amakuperekeza. Pakhomo pako pomwe ulibe mawu. Ndinanong'oneza mwana kuti akathirire kuseri, mayi wina wa pambali n'kumva, ndipo ndinaona akugundana zigongono.

Mwambo wa kuno utatha tinanyamuka ndi thupi kupita kumpoto, kukaika kwawo. Tonse tinakwera. Wina anakhoma geti, makiyi n'kuponya m'chikwama cha mwana wanga. Ine ndinkaganiza kuti tikaika, tigona pang'ono n'kubwerera. Ha! Kumeneko anali atandikonzera. Maliro ataikidwa, akuluakulu a banja anati pali nkhani. Lero tikhale pansi, mawa amalume ena sanafike, mkuja tikhalenso pansi. Funso linali limodzi lomwelo, loti ndinadziwa bwanji kuti amwalira. Ndikati dokotala anatiuza tonse, achemwali ali pomwepo, ankati kudziwa n'kwina, kukonzeratu malo n'kwina. Ndikati analamula ndi malemu, ankati malemu sangatsutse. Mwana wanga anakana kundisiya ndekha pakati pawo, anaimba kuntchito kupempha masiku ena. Za makiyi palibe anakumbuka. Ineyo ndinkakumbuka kapinga, koma m'bwalo la milandu ya kapinga ukanatsegula pakamwa kuti pepani, ndikufuna wina akathirire kapinga? Anatimasula patapita masabata, nkhani osatha, kungoti onse anatopa.

Tinafika ku Lilongwe mvula isanagwe. Mitambo inkasonkhana masana n'kubalalikanso. Kutsogolo kunali mabowo a zikhomo za tenti, phulusa pomwe abambo ankaothera moto, ndi timapepala ta nyimbo. Sindinalowe m'nyumba, ndinazungulira kuseri chikwama chili paphewa. Zigamba zonse zinali zitatuwa, m'mphepete zitapindikira m'mwamba ngati mphasa zakale. Dzuwa linawotcha pamwamba, lata linawotcha kunsi. Ndinatukula chimodzi, chinanyenyeka m'manja. Ndinayenda lata ndi lata kufunafuna pobiriwira ngakhale pamodzi, sindinapeze. Kumaliro ndinalira monga amalirira anthu pagulu, koma apa ndinakhala pasimenti ya pochapira n'kulira koipa, koti mwana wanga anathawira m'nyumba.

Alamu a ku Old Town anabwera m'mawa mwake. Anati ankabwera masiku onsewo n'kumapeza geti yokhoma, geti yoti anapanga okha ndipo ankadziwa kuti siyothyoka. Foni yanga kumudziko sinkagwira. Anayesa kupempha madzi kwa oyandikana nafe n'kumaponya ndi ndowa pamwamba pa mpanda, munthu wa imvi, koma madziwo ankangogwera pakhoma. Tinaima awiri kuseriko tikuyang'ana malata.

"Ndawalakwira, alamu," ndinatero. "Chinthu chimodzi chokha chimene anandisiyira kuti ndisamale."

"Ayi, mlamu. Kapinga wodula mizu, pa lata, mwezi wa Okutobala, ngakhale mukanakhalapo sakanapita patali. Akanamusiya pomwe anali, tenti ikanamufoola, anthu akanamuponda, koma mvula yoyamba akanadzuka. Kapinga safa ndi maliro a masiku ochepa."

"Nanga inu munkadziwa zimenezo, bwanji osanena? Munabwera ndi malata anu n'kumaseka!"

"Ndinanena. Inu muli kukhitchini, ndinawauza. Anandiseka, anati ukuphunzitsa ine za kapinga?" Alamu anapukuta m'maso ndi chala chachikulu. "Anati, mayiwa akuvutika ndi kundibisira, akuonda kuposa ine. Ine kuti ndiyambe, pakamwa pakukana. Akaona dothi adziwa kuti ndikudziwa, ndiye tiyankhulana."

Ndinagwira khoma. Munthu amene anabweza abusa chifukwa cha udzu umenewu anaupha yekha, akudziwa, kuti ine ndipeze poyambira.

"Ndinadziwa," ndinatero. "Tsiku lomwelo ndinadziwa."

"Ndiye munayankhulana?"

"Ndinawauza kuti achira."

Alamu anawerama n'kuyamba kukhuthula malata awo limodzilimodzi, ine ndikuyang'ana.